Za Madzi ndi Nthaka: Mchere pa Mathiriro a Zambezi

Alimi anzathu, sabata ino titsate madzi a Shire kumene apita. Akatuluka m'dziko muno kumunsi kwa Nsanje alowa mu Zambezi, ndipo Zambezi athira m'nyanja yaikulu yamchere pafupi ndi Chinde, m'dziko la Mozambique.

Pa mathiriro pamenepo madzi a mitundu iwiri alimbana usana ndi usiku. Madzi a m'nyanja ali ndi mchere wa magalamu 35 m'lita imodzi, ndipo popeza ngolemera akwawa pansi, a mtsinje nayenda pamwamba. Nyanja idzaza ndi kuphwa kawiri pa tsiku. Mtsinje ukachepa mphamvu m'chilimwe, mchere ukwera kumtunda. Mtsinje ukadzaza m'dzinja, mchere ubwezedwa kunyanja.

Kale Zambezi ankasefukira pafupifupi chaka ndi chaka. Madziwo ankatsuka mchere m'madambo nasiya ndowe yachonde, ndipo anthu ankadzala mbewu zao m'mbuyo mwa madzi pamene akuphwa. Koma mu 1959 linatha kumangidwa damu la Kariba, ndipo mu 1974 linatsekedwa la Cahora Bassa. Madamu awa asunga madzi a dzinja kuti apange magetsi chaka chonse. Chigumula chachikulu chifikabe zaka zina, monga mu 1978 ndi mu 2001, koma kusefukira kwa chaka ndi chaka kuja kunachepa.

Tsono taonani chotsatira chake. Madambo ambiri a ku mathiriro anauma, ndipo nthaka ya kufupi ndi nyanja sitsukidwanso monga kale. Mpunga sukondwa pa nthaka yamchere: masamba apserera kunsonga, ngala nizichuluka mphwepwa. Zimenezi sizioneka chaka chimodzi ai. Mchere uunjikana pang'onopang'ono, kotero kuti amene aona kusintha ndi mdzukulu wa amene anatsegula munda.

Kodi ife a kumtunda zitikhudza? Inde. Ku Chikwawa ndi ku Nsanje zilipo zitsime ndi mijigo ya madzi amchere. Mukathirira dimba ndi madzi otere, dzuwa limwa madzi koma mchere utsala. Choncho lawani madzi musanathirire. Mukaona nthaka ikuyera pamwamba ngati phulusa, kumbani ngalande yotulutsa madzi kumunsi kwa dimba, kuti mvula ikagwa itsuke mcherewo ndi kupita nawo. Thirani manyowa ndi kuphimba nthaka ndi mapesi kuti isaume msanga. Ngati mbewu zifotabe, kaonaneni ndi mlangizi wa zaulimi wa kwanuko mvula isanayambe.