Titseke zotsatsa zotidyera bandulo, koma tisakokolole zonse

Ife ochokera ku Kachulu ndi midzi ina ya m'mbali mwa nyanja ya Chilwa tikudziwa momwe ndalama ya bandulo imapezekera. Mayi ayambe agulitsa ndowa ya matemba kapena thumba la mpunga wa ku Likangala, ndiye atigawireko pang'ono kuti tilembe ntchito ya kusukulu tili patchuthi. Foni tikatchajitse kwa wa sola pamsika, netiweki tikaisake pachulu. Ndiye titsegule tsamba loti tiwerenge. Nkhani isanaoneke n'komwe, kanema wotsatsa njuga za mpira wayamba kale kusewera yekha, uku uthenga wina ukutinamiza kuti tapambana foni yatsopano. Pomafika pa ndime yomwe timafuna, bandulo yatsala pang'ono kutha.

Ambiri sadziwa kuti zotsatsazi timazilipirira ndife. Chithunzi kapena kanema aliyense wotsatsa malonda amatsika pa bandulo yathu yomweyo, ndipo amadyanso batire. Kwa munthu wa intaneti yopanda malire ku London, zimenezi n'zongosowetsa mtendere. Kwa ife ndi ndalama ya ndiwo.

N'chifukwa chake tikuona kuti ndi nkhani yabwino kuti mapulogalamu otsegulira masamba a pa intaneti tsopano akumabwera ndi chotsekera zotsatsa chake. Opera inayamba mu 2016, ndipo inachiikanso mu Opera Mini, yomwe ambiri a ife tili nayo m'mafoni. Chaka chomwecho kunabwera Brave, yomwe imatseka zotsatsa munthu asanaiuze. Chrome, ya kampani ya Google, inayamba kusefa zotsatsa zovutitsa mu February 2018 ku Ulaya ndi ku North America, n'kufikira dziko lonse mu July 2019. Mu 2020 inayambanso kuchotsa chotsatsa chilichonse chodya ma MB oposa 4 munthu asanachikhudze.

Maganizo athu ndi akuti tiyatse chotsekerachi, ndipo tikapita kumudzi tikayatsirenso makolo ndi azing'ono athu. Si za bandulo zokha. Mnyamata amene wagona panyanja usiku wonse sayenera kukumana ndi nyambo ya njuga nthawi iliyonse akatsegula foni kuti aone zanyengo. Agogo amene akungophunzira kumene foni sangasiyanitse uthenga weniweni ndi wa akathyali.

Komabe pali zinthu ziwiri zoti tisaiwale. Choyamba, mlondayu ndi wa ndani? Ndalama zambiri za Google zimachokera ku zotsatsa malonda zomwezo. Chrome satseka zonse. Imachotsa makamaka zotsatsa za pa masamba ophwanya mfundo za bungwe la Coalition for Better Ads, lomwe Google ndi membala wake. Ndipo kuyambira mu 2024 Chrome inayamba kuzimitsa uBlock Origin, chotsekera champhamvu chomwe anthu ankadziikira okha pa kompyuta. Wogulitsa nsomba akakhalanso woyang'anira sikelo, wogula azitsegula maso. Tiziyerekeza mapulogalamuwa tokha, n'kusankha amene akutisungiradi bandulo.

Chachiwiri, walira mvula walira matope. Timafuna kuwerenga nkhani za The Nation, Times ndi Zodiak pa intaneti kwaulere, koma mtolankhani sayenda ndi madzi. Pamene nyanja yathu inaphwa mu 2018, mabwato n'kukhala pamatope osweka, panafunika wina akwere galimoto kuchokera ku Zomba kudzaona ndi kuuza dziko. Pamene namondwe wa Freddy anawononga chigawo chakummwera mu March 2023, tinkadalira atolankhani omwewo. Mafuta awo ndi malipiro awo, mbali ina amachokera kwa otsatsa malonda.

Ife a kunyanja tikudziwa zomwe neti ya udzudzu imachita ikalowa m'madzi. Imakokolola zonse, ndi tiana ta nsomba tomwe, ndipo chaka chamawa msodzi yemweyo amabwerako chimanjamanja. Kutseka chotsatsa chilichonse pa tsamba lililonse n'chimodzimodzi. Lero tipulumutsa ma MB, mawa tidzasowa wotilembera za Chisi ndi Kachulu, pakuti makampani a ku America sadzatumiza mtolankhani kuno.

Ukonde wabwino ndi wa maso oyenera. Zotsekera zambiri zimalola munthu kusankha masamba oti zotsatsa zizioneka. Tiyeni titseke kwina konseko, koma titsegulire masamba awiri kapena atatu a nkhani za kwathu amene timawakhulupirira. Nawonso eni masambawo atikumbukire: chotsatsa chikhale chithunzi chopepuka, osati kanema woyamba yekha, ndipo asalandire ndalama za anthu otinamiza. Akatero tidzawasiyira khomo lotsegula. Akapanda kutero asadzatidandaule, chifukwa ndowa ya matemba ija mayi sanaitole.