'Glamour' poyamba adali matsenga

Mtsikana akatuluka mu saluni pa Liwonde kapena pamsika wa Balaka atatchena, anzake amati wafika pa "glamour". Amatanthauza kukongola kothobwa m'maso. Koma ndi angati akudziwa kuti mawu a Chingereziwa poyamba ankanena za matsenga?

Adachokera ku Scotland m'zaka za m'ma 1700, ndipo kholo lake ndi "grammar", galamala yomwe ija idatizunza kusukulu. Kale ku Ulaya odziwa kuwerenga Chilatini adali ochepa, choncho anthu wamba ankawakayikira kuti mabuku awowo ngamatsenga. Katchulidwe katapotoka, "glamour" adakhala mankhwala ophimba munthu m'maso kuti aone chomwe palibe. Mlembi Walter Scott adawatchukitsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, kenaka makanema a ku Hollywood m'ma 1930 adawamata pa akazi ovala zonyezimira.

Ife tili ndi mawu athu: chiphadzuwa. Mkazi wokongola mwakuti akatulukira, dzuwa limachita ngati lazima. M'mawuwa mulibe chinyengo, ndipo sanena kuti khungu likhale lotani. Agogo athu a Chiyao ku Machinga ankatchena ndi chipini pamphuno ndi mikanda, khungu lawo lili bii, anyamata n'kumasowa tulo.

Lero tsiku la msika pa Ntaja kapena Ulongwe, timabotolo ta mafuta oyeretsa khungu timayalidwa moyandikana ndi sopo. Apa ndiye tanthauzo lakale lija labwereradi. Ambiri mwa mafutawa amakhala ndi hydroquinone, mercury kapena mankhwala amphamvu omwe adokotala amapereka kwa odwala nthenda za pakhungu. Nkhope imayera, inde, koma khungu limapyapyala, limabuka mawanga akuda m'masaya, ndipo mercury amawononga impso. Zala ndi zigongono zimatsala zakuda, n'kumaulula chinsinsi chonse.

Ena amati ndi thupi lake, ndalama zake, tisalowerere. Ine ndikuti ufulu ulipo, koma wogulayo sauzidwa zomwe zili m'botolomo, ndipo nthawi zina amakhala mwana wa sukulu. Abambo nanunso musathawe mlandu: ndinu mumatamanda "woyera" ana anu aakazi akumva.

Dziko la Ivory Coast lidaletsa mafuta otere mu 2015. Akuluakulu a Malawi Bureau of Standards ndi makhonsolo a Machinga ndi Balaka ayambe kuyendera misikayi, atenge timabotoloti akatiyeze, zotsatira zake azilengeze pawailesi m'Chichewa ndi m'Chiyao.