Mfuti Yolasa Patali Siipanga Mlenje

Adzukulu anga ndi inu nonse okonda chikhalidwe chathu, lero ndifuna kudzudzula mchitidwe umene wamera pakati pa alenje ena a ku America ndi ku South Africa, ndipo ukufika kwa ife kudzera pa intaneti. Anthuwa posankha mfuti ndi zipolopolo amangofunsa kuti zingaphe nyama ili patali bwanji. Wina akagwetsa ngoma ataima pa mtunda wa mamita 700, anzake amamuombera m'manja. Ine ndikuti ameneyo ndi katswiri wolasa chandamale, koma dzina la mlenje silimuyenera.

Tiyambe ndi masamu, pakuti masamu sakondera. Mfuti imatchedwa yolunjika bwino ngati zipolopolo zake zigwera m'kabwalo ka masentimita 3 pa mtunda wa mamita 100. Pa mamita 600 kabwaloko kamakula kufika masentimita 18, ndipo apo mfutiyo yagonekedwa pa tebulo, kulibe mphepo, mwini wake sakupuma wefuwefu. Pamene pali mtima ndi mapapo a ngoma sipaposa kwenikweni mbale ya nsima. Chipolopolo cha .308 Winchester chimatuluka pa liwiro la mamita pafupifupi 800 pa sekondi, koma chimanka chitopa. Pofika mamita 500 chimakhala chitatsika kuposa mita imodzi ndi theka, ndipo mphepo ya makilomita 16 pa ola ikhoza kuchipatutsa ndi theka la mita. Pa mamita 700 chimakhala m'malere kupitirira sekondi imodzi. Nyama ikangosuntha phazi panthawiyo, chimene chidalinga mtima chimaboola matumbo.

Otsutsa adzati zida za lero n'zina: kuli magalasi okuza chinthu, timakina toyeza mtunda, ndi zipolopolo zonga 6.5 Creedmoor zimene kampani ya Hornady idatulutsa mu 2007. Zoonadi chipolopolo chimenechi chimalimbana bwino ndi mphepo, koma kumbukirani kuti chidapangidwira mipikisano yolasa chandamale, ndipo pepala likalasidwa pambali silibuula. Ena amathamangira .300 Winchester Magnum ya 1963 chifukwa cha mphamvu zake. Mfuti yotere imakankha phewa kwambiri, kotero kuti wosaizolowera amayamba kutsinzina asanakoke n'komwe. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Ngakhale ku America komweko, bungwe la Boone and Crockett Club, limene Theodore Roosevelt adayambitsa mu 1887, lidachenjeza poyera kuti kuwombera dala patali pofuna kutchuka n'kutaya mwambo wa ulenje.

Mbiri nayo ili kumbali yanga. W. D. M. Bell, amene adasaka ku Karamoja m'dziko la Uganda kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, adapha njovu zoposa 1,000, zambiri mwa izo ndi kamfuti ka .275 Rigby. Kupulula nyama kotero sindikuyamikira ayi. Chimene ndifuna muone n'chakuti iye ankayandikira, ndipo adaphunzira bwino pamene pali ubongo m'chigaza cha njovu. Mfuti ya .375 H&H Magnum, imene Holland & Holland adatulutsa ku London mu 1912, ikadali yodalirika posaka njati m'chigwa cha Luangwa, ndipo alenje odziwa amaiwombera njatiyo ili pafupi, kawirikawiri osafika mamita 100.

Makolo athu a m'chigwa chimenecho ndi cha Zambezi adali ndi gogodera, mfuti yothira wonga kukamwa, yolira kamodzi kokha. Mlenje ankawaza phulusa kapena fumbi kuti aone kolowera mphepo, nalondola mapazi, nakwawa mpaka kumva nyama ikumwetula udzu. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Nyama inali ndi mwayi womununkhiza ndi kuthawa, ndipo mpikisanowo ndiwo unkapatsa mlenje ulemu pamudzi. Akailasa osaigwetsa, udali udindo wake kulondola magazi kufikira ataitsiriza, chifukwa njati yovulala imabisala m'thengo n'kupha mayi wotola nkhuni amene sadailakwire kanthu. Nanga iwe wowombera kutsidya kwa chigwa, podzafika pamene idaima nyamayo patapita theka la ola, magaziwo udzawayambira pati?

Tsono mdzukulu wanga, ukakhala ndi chilolezo ndipo ufuna kugula mfuti, funsa mafunso anayi. Kodi ikulingana ndi kukula kwa nyama ndi malamulo a dzikolo? Maiko angapo a mu Africa salola mfuti yochepera .375 pa njati ndi njovu. Kodi ungaiwombe osaiopa? Kodi chipolopolo chake chimafutukuka n'kulowa mozama osaphwanyika? Ndipo kodi ndi pa mtunda uti pamene ungalase mbale ya nsima kakhumi osaphonya, utaimirira, mfuti itatsamira pa ndodo? Mtunda umenewo ndiwo malire ako, ndipo kwa ambiri sufika mamita 300. Usaiwalenso kuti kuno ku Malawi lamulo la nyama zakutchire lidakhwimitsidwa mu 2017, ndipo wopha nyama zotetezedwa kwambiri akhoza kukhala m'ndende zaka 30.

Nyama ikakhala kutali kuposa malire ako, yandikira. Ikakununkhiza n'kuthawa, yakupambana mwachilungamo, ndipo ubwerere kwanu wopanda manyazi.

Ndatha ine agogo anu.