Museka Sub-Zero, koma K50 ya malasha ili kuti?

Mufana wanga ananipeza pa Sondo kunyumba ku Chawama, nili pa laptop yanga yakudala, nimenyana na Scorpion. Anaimilila pa chitseko, aseka. Ati, "Bakalamba, mukali kusobela vintu ivi? Bantu baoneka monga banabajuba mu nyuzipepala."

Ninamufunsa kuti nanga iye asobela chani. Ananionesa foni: kandeke kofiila kakwela, manambala nayo yakwela, ndiye kazimilila. K50 yamene ba mayi banamupasa kuti akagule malasha inali itapita kale na kandeke kaja. Uyu ndiye muntu wamene aseka game yanga.

Mortal Kombat inachoka mu 1992 ku Chicago, ku kampani ya Midway, ndipo banaipanga ni Ed Boon na John Tobias. Mu 1993 inafika pa makompyuta ya DOS. Kompyuta yamene inali yamphamvu chaka chija, lelo olo foni ya mabatani ingaiseke, ndiye chifukwa chake laptop iliyonse yakale yamene mungagule ku Town Centre iikwanisa. Mufunika chabe DOSBox, pulogilamu yaulele yamene ipangisa kompyuta yamanje kusebenza monga yakudala. Ba GOG bagulisa Mortal Kombat 1, 2 na 3 pamozi, DOSBox ili kale mukati. Mukaika kamozi, basi. Kulibe bundle, kulibe kuika ndalama, kulibe meseji ya pakati pa usiku yokuitanani kuti mubwelele.

Mabatani yali 5: kofi yapamwamba, kofi yapansi, kiki yapamwamba, kiki yapansi, na yochingiliza. Iyi yosiliza ndiye yamene bafana ba mu komboni baizonda. Bafuna chabe kutinika vonse pamozi monga bakanda fulawa ya vitumbuwa, elo bakamenyewa bati keyboard ni yakufa. (Ntawi zina bakamba zoona: keyboard yochipa siimvela mabatani yambili pa ntawi imozi, so ngati muli babili, sakilani ka pad ka USB.)

Na Scorpion, tinikani kumbuyo, kumbuyo, kofi yapansi. Aponya mkondo wa ntambo, adonsa munzanu, amusiya azunguluka mutu pasogolo panu. Apo khalani pansi, mutinike kofi yapamwamba: uppercut ija yamene imuponya m'mwamba. Koma munzanu akachingiliza mkondo, mwasala poyela, ndipo azakulipilisani. Na Sub-Zero ni pansi, kusogolo, kofi yapansi, munzanu auma monga ice block ya pa kantemba. Apa ndiye pamene game iyi inikondwelesa: mukaponya ice yachibili pa muntu wouma kale, muuma ndimwe. Banaipanga dala kuti wadyela azilangiwa. Elo osajumpa-jumpa kusogolo, muntu woziba akuyembekezani pansi na uppercut.

Ma ninja aba, pa game yoyamba, anali muntu umozi, Daniel Pesina. Banamujambula kamozi, ndiye basinta mtundu wa vovala: yelo ni Scorpion, buluu ni Sub-Zero, gilini ni Reptile wobisika. Bantu banali na memory ing'ono, banasebenzesa nzelu.

Manje nipaseni mpata nikambe chamene chinibaba. Sub-Zero akakumenya, uziba chifukwa. Unajumpa pamene sunafunike kujumpa, unaponya mkondo uli pafupi maningi, unaibala kuchingiliza. Mailo ukabwela, wasinta, ndipo chamene waphunzila chikhala mu minwe yako. Kandeke kakakudyela ndalama, waphunzila chani? Pamene kazagwela pasankhiwa na makina mwamwayi. Kulibe luso, kulibe ntawi yabwino ya usiku, ndipo baja bogulisa ma "predictor" pa WhatsApp na Telegram bakudya kachibili. Muntu wamene angazibe zoona pamene kandeke kagwela, angakugulise chinsinsi pa K100? Masamu ya game ija banayakonza kuti mwine wake azisala na gawo pa ndalama zonse zamene zingena. Ukawina lelo, ni K50 ya munzako wa ku George yamene wapasiwa.

Niziba vamene muzakamba. Muzati Mortal Kombat ili na magazi. Ni zoona. Olo ku America inabavuta: mu 1993 ba Senate banakhala pansi kukambilana za ma game monga iyi, ndipo mu 1994 kunayamba ESRB, bungwe yoika zaka pa ma game. Mwana wa giledi 3 sinimupasa pad. Muzatinso game yanga siipasa ndalama. Eye, siipasa. Koma sininamvepo muntu ku Kanyama olo ku Matero wagulisa foni ya mulongo wake chifukwa cha Scorpion. Za malaiti nazo niziziba. Mu 2024, manzi pamene yanachepa ku Kariba, tonse tinakhala mu mdima maola yambili. Batili ya laptop yanga isunga ola imozi chabe, koma raundi imozi siifika olo maminiti yabili, so ola ija ikwana kuti bantu 4 bamenyane mpaka umozi akalipe.

Chamene chinikalipisa maningi ni chakuti tabapanga bafana kumvela nsoni na chintu chakudala, elo chintu chamene chibadyela ndalama tichiitana "hustle".

Mufana wanga ninamupasa pad siku ija. Anasankha Scorpion, anaponya mkondo kanayi motsatana, ninachingiliza yonse. Analuza ma raundi 6. Pa ya 7 anakhala chete, anayembekeza kuti nijumpe, ndiye ananipasa uppercut yamene sininaione. Anakuwa mpaka ba neba banabwela kufunsa ngati kuli ndeo. K50 ya malasha ninalipila ine, ndipo tinapangana kuti azaibweza pa Chibelu akabwela kumenyewa futi.