Chinkhwe Chikadwala ku Dar es Salaam

Wolemba: Mlonda wa Pakhonde

Ku Dar es Salaam kuno anthu amaweta chinkhwe, chimene Aswahili amati kasuku, ngati mwana wa m'nyumba, ndipo dokotala wa ziweto akangotchula zochigoneka ndi mankhwala, mwini wake mtima umadumpha. Mantha amenewa ndimawamvetsa. Thupi la mbalame limatentha pafupifupi madigiri 40, ndipo ikagonekedwa imazizira msanga. Shuga wake nayenso amatsika ikamanidwa chakudya nthawi yaitali. Komatu taganizirani mbali inayi. Mbalame imapuma pogwedeza fupa la pachifuwa, choncho manja oigwira mwamphamvu ikamaphupha akhoza kuitsamwitsa, makamaka pa kutentha kwa mzinda uno. Mankhwala a midazolam, othira m'mphuno, amaikhazika mtima pansi osaigonetseratu, ndipo flumazenil amaidzutsa. Opaleshoni yeniyeni imafuna mpweya wa isoflurane. Ine ndikuti kungodula zikhadabo sikufuna zonsezi, koma phiko lothyoka kapena dzira lokakamira m'mimba sizodikirira. Musanavomere, mufunseni dokotalayo ngati waiyeza kulemera kwake, ngati ali ndi chofunditsira, ndiponso kuti wagonekapo mbalame zingati.