Tchingani mawindo chimphepo chisanafike

Amalonda a mumsika wa Lundazi, mvula yoyamba ya mu Novembala imabwera ndi chimphepo. Inu muli pa tebulo, kunyumba kwatsala ana okha. Galasi ikangosweka, mphepo imalowa n'kukankha malata kuchokera mkati, denga lapita.

Musadzinamize ndi selotepu pagalasi, sigwira kanthu. Makatoni nawo akanyowa, basi. Pimani windo lero, mudule mapulanga kapena lata lakale lokulirapo pang'ono. Mitambo ikada, khomererani kunja pa felemu. Ngati felemu ndi yachitsulo, boolani lata mumangirire ndi waya.

A DMMU amafika denga litagwa kale. Nanga galasi yatsopano mudzagula ndi chiyani, si ndalama ya oda yomweyo?