Nambala ikakula, tiziiduladula

Mu 2022 boma la Zambia linakweza ndalama za CDF, zija zachitukuko zimene constituency iliyonse imalandira, kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni. Malambo, constituency ya kwathu ku Mambwe, inali pa mndandanda womwewo. Ambirife tinamva pa wailesi, tinaomba m'manja, nkhani n'kuthera pomwepo. Nambala ikakula chonchi mutu umaima, ndipo mutu ukaima pakamwa sipafunsa.

Ife tikuti tizichita nayo zimene aphunzitsi a masamu anatiphunzitsa: tiziiduladula.

Tiilembe yonse: 25,700,000. Mutati muziwerenga kwacha imodzi pa sekondi iliyonse, usana ndi usiku, pangapite masiku 297 musanamalize. Imathera ndi ziro, ndiye imagawika ndi 2, 5 ndi 10. Mukaphatikiza 2, 5 ndi 7 mupeza 14, nambala yosagawika ndi 3, choncho magulu atatu atagawana mofanana, kwacha ziwiri zingatsale.

Igaweni ndi 2 kasanu, kenako ndi 5 kasanu. Chotsala ndi 257, ndipo apa mpeni umakana. Imeneyi ndi nambala ya prime, yogawika ndi 1 ndi iyo yokha basi. Ilinso m'gulu losowa kwambiri lotchedwa ndi dzina la Pierre de Fermat, katswiri wa ku France wa m'zaka za m'ma 1600. Ma prime a m'gululi odziwika mpaka lero ndi asanu okha: 3, 5, 17, 257 ndi 65,537.

Wina anena kuti masamu sakumba mjigo. Zoona. Koma taonani chimene tapeza: ndalama yonse ija ndi milu 257 ya K100,000 uliwonse. Ya chaka cha 2021 inali milu 16 chabe. Mu 2023, pomwe CDF inafika pa K28.3 miliyoni, milu inakhala 283. Mulu wa K100,000 ndi ndalama imene mnyamata wogulitsa pa msika wa ku Mfuwe kapena mayi wolima thonje kwa Msoro angaiyerekeze m'mutu, n'kudziwa kuti ingagule madesiki kapena matumba a simenti ochuluka bwanji.

Tikafika pamenepo mafunso amabwera okha. Ndi milu ingati inapita ku bursary za ana asukulu? Ingati ku ngongole za achinyamata ndi amayi? Ingati ku zipatala, milatho ndi madzi? Tikaphatikiza zonse, kodi zikukwana? Sitikuloza munthu chala. Amene wagwira bwino ntchito sangaope kuwerengera pagulu.

Choncho ife amene tili ku Chipata kapena ku Lusaka, tikapita kumudzi tizikhala nawo pa misonkhano ya komiti yachitukuko ya wadi yathu. Tizinyamula kope ndi cholembera, tiziwafunsa akhansala mwaulemu kuti mulu uliwonse unagona kuti, ndipo tizilemba yankho.